Magazini a ntchito, mabuku a bizinesi ndi ZIMRA: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera kuchokera kwa anzathu olankhula Chichewa amene ali ndi mabizinesi muno mu Harare: ogulitsa zipangizo za galimoto ku Kaguvi Street, akalipentala a ku Glen View, owotcherera zitsulo ku Magaba, ndi ena amene anatsegula timakampani ta zomangamanga ku Msasa ndi ku Graniteside. Ndalama ya magazini ndi yochepa, palibe amene angagwe nayo bizinesi. Koma malamulo amene amaigwira ndi omwewo amene amagwira inshuwalansi, lendi yolipiriratu ndi malayisensi a mapulogalamu a kompyuta, ndiye mukaimvetsa pano mwamvetsa zambiri.

Kodi ndalama yolembetsera magazini ndingaichotse pa phindu ndisanawerengere msonkho?

Inde, ngati magaziniyo ndi ya ntchito imene bizinesi yanu imagwira. Lamulo lake ndi Income Tax Act, Chapter 23:06, gawo 15(2)(a). Gawoli limalola kuchotsa ndalama iliyonse imene mwawononga chifukwa cha malonda anu kapena pofuna kupeza ndalama zolowa, bola isakhale yogulira chuma chokhalitsa ngati makina kapena nyumba. Magazini imabwera, muwerenge, mwezi wamawa kubwere ina. Si chuma chokhalitsa ayi.

Funso limene wa ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho muno mu Zimbabwe, angakufunseni ndi limodzi lokha: magazini imeneyi ikukhudzana bwanji ndi zimene mumagulitsa? Amene amagulitsa mapampu ndi mapaipi kwa anthu a migodi ing'onoing'ono sangavutike kufotokoza chifukwa chake amalandira Mining Zimbabwe. Wogulitsa mbewu ndi mankhwala a ziweto sangavutike ndi Farmer's Weekly. Koma mwini galaja akalembetsa magazini ya mpira wa ku England n'kuilemba m'mabuku a kampani, ameneyo wadziputira yekha mafunso, chifukwa gawo 16 la lamulo lomweli limakaniza kuchotsa ndalama za pakhomo ndi za zokonda za munthu payekha.

Nanga nyuzipepala, ngati The Herald, Financial Gazette kapena Zimbabwe Independent?

Apa mpamene anthu amatsutsana. Financial Gazette, Business Weekly ndi Zimbabwe Independent n'zosavuta kuziikira kumbuyo chifukwa nkhani zake zambiri ndi za chuma, mitengo ndi malamulo atsopano. The Herald ndi ya aliyense, koma kontilakita amene amaiwerenga pofuna zilengezo za ntchito zimene makhonsolo akufuna kupereka kwa makontilakita ndi zidziwitso za boma ali ndi chifukwa chomveka. Chimene chimasiyanitsa kawirikawiri ndi kumene pepalalo limakafikira. Likamafikira ku ofesi, antchito n'kumaliwerenga, makasitomala n'kumalitsegula akudikira, nkhani yake ndi ya bizinesi. Likamaponyedwa pageti la nyumba ku Mabvuku Lamlungu m'mawa, ndi la banja, ngakhale kampani ndi imene inalipira.

Lamuloli limanena kuti ndalama imachotsedwa molingana ndi mbali imene yagwira ntchito ya malonda, ndiye kugawa n'kololedwa. Maganizo anga ndi akuti pa kanthu kakang'ono chonchi musamataye nthawi ndi kugawa theka ndi theka. Ya ku ofesi ilembeni ku kampani, ya kunyumba lipirani ndi ndalama ya m'thumba mwanu.

Ndikalipiriratu zaka ziwiri kapena zitatu mu Disembala, msonkho wa chaka chino utsika?

Ayi, ndipo limeneli ndi funso lofunika kuposa onse pano. Kale anthu ankachitadi zimenezi. Chaka chikamatha, phindu likaoneka lalikulu, ankathamangira kulipiriratu inshuwalansi, lendi ndi magazini a chaka chamawa, n'kuchotsa ndalama yonseyo m'chaka chimene ailipira. Kuyambira pa 1 Januwale 2018 khomo limeneli linatsekedwa. Gawo 15(2)(a) linasinthidwa kuti ndalama yolipiriratu katundu kapena ntchito imene idzagwiritsidwe m'chaka cha msonkho chotsatira isachotsedwe yonse nthawi imodzi, koma igawidwe m'zaka zimene chinthucho chikugwiritsidwa ntchito.

Chaka cha msonkho muno mu Zimbabwe chimayamba pa 1 Januwale n'kutha pa 31 Disembala. Tiyerekeze kuti mwalipira US$240, VAT (msonkho woikidwa pa mtengo wa zogula) tisanaikepo, pa 1 Okutobala 2024, ndipo magazini izibwera mwezi uliwonse kwa miyezi 12. Mwezi umodzi ndi US$20. M'chaka cha 2024 mwalandira ya Okutobala, Novembala ndi Disembala, ndiye mungachotse US$60 yokha. US$180 yotsalayo ndi ya 2025. Mukanalipira pa 20 Disembala kuti magazini iyambe kubwera mu Januwale, m'chaka cha 2024 simukanachotsa ngakhale senti imodzi.

Zili ngati thumba la ufa logula kumapeto kwa mwezi: ndalama yatuluka lero, koma nsima yake ndi ya mwezi wamawa.

Izi sizikutanthauza kuti kulipiriratu n'kulakwa. Ofalitsa ambiri amatsitsa mtengo mukalipira chaka chonse, ndipo m'dziko limene mitengo imasintha mosayembekezereka ngati lino, kumanga mtengo wa lero kumathandiza. Lipiriranitu chifukwa cha mtengo, osati poganiza kuti mwazemba msonkho. Dziwaninso kuti kusinthaku kunakhudza mbali zonse ziwiri: wofalitsa magazini amene walandira ndalama yanu ya chaka chamawa nayenso amaiwerengera msonkho m'chaka chimene akutumiza magaziniwo.

Ndiye m'mabuku ndilemba bwanji?

Tsiku lolipira, ndalama ikatuluka ku banki, musailembe yonse ku akaunti ya zowononga. Tsegulani akaunti ya ndalama zolipiriratu, imene mu Sage Pastel kapena QuickBooks imakhala m'gulu la chuma chimene chidzagwiritsidwe chaka chisanathe. Pa chitsanzo chathu chija, tiyerekeze kuti VAT ndi 15 peresenti, invoisi yonse ndi US$276. Banki mulembe kirediti US$276, akaunti ya zolipiriratu debiti US$240, akaunti ya VAT imene mudzaitanitse debiti US$36.

Kenako kumapeto kwa mwezi uliwonse mumasamutsa US$20 kuchoka ku zolipiriratu kupita ku akaunti ya magazini ndi nyuzipepala. Amene safuna kuvutika mwezi ndi mwezi angachite kamodzi pa 31 Disembala: US$60 ku zowononga, US$180 itsale pa balance sheet. Odita akabwera amafuna kapepala kamodzi kosonyeza dzina la magazini, tsiku loyambira, tsiku lothera, ndalama yonse, imene yagwiritsidwa ndi imene yatsala. Kapepala komweko mulembepo inshuwalansi ndi malayisensi, chiwerengero cha pansi chigwirizane ndi chimene chili pa balance sheet, basi.

Mukalembetsa zaka ziwiri kapena kuposa, mbali imene idzagwiritsidwe patatha miyezi yoposa 12 imaonetsedwa payokha ngati chuma cha nthawi yaitali. Makampani ang'onoang'ono ambiri muno amatsata malamulo owerengera ndalama otchedwa IFRS for SMEs, ndipo mfundo yake pa nkhaniyi ndi yomweyi: zowononga zimalembedwa m'nthawi imene mwapindula nazo, osati tsiku limene ndalama yatuluka.

Akauntanti wathu amangolemba zonse ku zowononga, akuti ndi kandalama kochepa. Akulakwa?

Kumbali ya mabuku sakulakwa kwenikweni. Malamulo owerengera ndalama amalola kusavutika ndi zinthu zazing'ono zimene sizingasinthe maganizo a munthu wowerenga mabukuwo, ndipo kampani imene imagulitsa katundu wa madola masauzande ambirimbiri singasokonezeke ndi US$180. Koma lamulo la msonkho silinaike malire akuti yochepa chakuti musaigawe. Choncho ngati mwailemba yonse ku zowononga, powerengera msonkho US$180 ija iyenera kubwezeredwa pa phindu la 2024 n'kudzachotsedwa mu 2025. Ndiye ntchito munkaithawa ija mwaipeza kutsogolo. Kuigawa m'mabuku pachiyambi pomwe kumapangitsa kuti mabuku ndi msonkho zinene chimodzi.

Njira ina yachidule, imene ambiri saiganizira: pemphani wofalitsa kuti chaka chanu cholembetsa chiziyamba mu Januwale n'kutha mu Disembala.

Kuchotsa kumeneku ndiye kuti ZIMRA indibwezera ndalama yanga?

Ayi. Chimatsika ndi phindu limene amaliwerengera msonkho. Kuyambira mu 2024 msonkho wa makampani ndi 25 peresenti, kuphatikizapo 3 peresenti ya msonkhowo ya thumba la Edzi, zonse pamodzi 25.75 peresenti. Pa US$240 mumapulumutsa US$61.80: US$15.45 chaka choyamba, US$46.35 chaka chachiwiri. Yotsalayo ndi yanu ndithu yatuluka. Magazini imene palibe amaitsegula, imangounjikana mu pulasitiki yake pamwamba pa kabati, ndi ndalama yotayika ngakhale msonkho utailola.

Ndalamazi zimalowa m'chiyerekezo cha phindu la chaka chimene mumalipirira msonkho kanayi: 10 peresenti pa 25 Malichi, 25 peresenti pa 25 Juni, 30 peresenti pa 25 Seputembala, 35 peresenti pa 20 Disembala. Fomu yomaliza ya ITF12C imafunika pofika pa 30 Epulo chaka chotsatira kwa amene chaka chawo chimatha mu Disembala.

VAT ya pa invoisi ya magazini ndingaiitanitse?

Ngati munalembetsa VAT ndipo zimene mumagulitsa zimalipiritsidwa VAT, inde. Kulembetsa kumakakamizidwa malonda a pachaka akafika US$25,000, malire amene anayamba kugwira ntchito mu 2024. Mlingo wa VAT wakhala ukusintha, unali 14.5 peresenti kuyambira 2020 n'kubwerera pa 15 mu 2023, choncho lembani chimene chili pa invoisi, osati chimene mukukumbukira.

Chimene chimagwetsa anthu si mlingo koma pepala. Kuyambira mu 2022 ZIMRA imangovomera invoisi yotuluka m'makina olumikizidwa ndi ZIMRA, ndipo masiku ano invoisi zoterozo zimakhala ndi QR code imene mungaiyese ndi foni kuti muone ngati ilidi m'kaundula. Pakhale dzina la kampani yanu, adilesi, TIN yanu (nambala imene ZIMRA imakudziwirani) ndi nambala yanu ya VAT. Kalisiti ka m'buku la kaboni kamene mnyamata wobweretsa mapepala wakulemberani pakhomo sikokwanira, ngakhale katakhala ndi chidindo chokongola. Proforma, pepala longosonyeza mtengo musanalipire, nayonso si invoisi. Ndipo musaiiwale m'dirowa: muli ndi miyezi 12 kuchokera pa tsiku la invoisi kuti muiitanitse.

VAT siigawidwa miyezi ngati mmene tinagawira US$240 ija. US$36 yonse imalowa m'fomu ya nthawi imene mwalandira invoisi.

Amene sanalembetse VAT, ndiponso amene ntchito zawo lamulo linazipatula pa VAT, monga sukulu, zipatala ndi obwereketsa nyumba zogona, sangaitanitse. Kwa iwowa US$276 yonse ndiyo mtengo wa magazini, ndipo ndi imeneyo imene amaigawa miyezi 12, US$23 pa mwezi.

Ndinalipira ndi EcoCash yanga, invoisi ili m'dzina langa osati la kampani. Zatha?

Sizinathe, koma mwadzichulukitsira ntchito. Kampani ndi munthu payokha pamaso pa lamulo, ngakhale mwini wake ndi inu nokha ndi akazi anu. Pa msonkho wa phindu mungakonze: lembani kapepala kopempha kampani kuti ikubwezereni, mumatepo invoisi ndi uthenga wa EcoCash wosindikiza, kampani ikubwezereni kudzera ku banki kapena ilembe ku akaunti ya ngongole ya dairekitala. Pa VAT mpovuta, chifukwa invoisi ya m'dzina la munthu wina siipatsa kampani ufulu woitanitsa. Imbirani ofalitsawo asinthe dzina pa akaunti yanu chaka chatsopano chisanayambe.

Amene bizinesi yake sinalembetsedwe ngati kampani, amangochita malonda m'dzina lake, alibe vuto limeneli la dzina. Lake ndi losonyeza kuti magaziniyo ndi ya ntchito.

Nanga magazini ochokera kunja, a ku Johannesburg kapena London, makamaka a pa intaneti?

Pa msonkho wa phindu palibe kusiyana. Engineering News ya ku South Africa imachotsedwa mofanana ndi magazini yosindikizidwa ku Msasa, ndipo imagawidwa miyezi chimodzimodzi. Mukalipira mu randi kapena mapaundi, sinthani pa mtengo wa tsiku lolipira n'kusiya pomwepo. Ndalama yolipiriratu simuisinthanso kumapeto kwa chaka mtengo wa ndalama ukasuntha. Lembaninso momveka ngati munalipira kuchokera ku akaunti ya madola a ku America kapena ya ZiG, ndalama ya Zimbabwe imene inayamba mu Epulo 2024, poti mafomu amafuna kuti ndalama ziwirizi zioneke padera.

VAT ya ku South Africa kapena ya ku Britain imene ingaoneke pa invoisi ya kunja simungaiitanitse ku ZIMRA. Ndi mbali ya mtengo basi. Magazini ya pepala ikalowa m'dziko ndi katundu, ndiye msonkho uliwonse umene angakulipiritseni pa kasitomu umatsimikizidwa ndi mapepala a kasitomuwo, asungeni. Ya pa intaneti si katundu koma ntchito yochokera kunja, ndipo VAT Act, Chapter 23:12, ili ndi malamulo ake pa zimenezi. Kuyambira mu 2020 makampani akunja ogulitsa zinthu za pa intaneti kwa anthu a muno amayenera kulembetsa VAT ya Zimbabwe. Ngati wogulitsayo sanaike VAT ya kuno pa invoisi, udindo woiwerengera ungagwere inu wolandira. Akauntanti wanu aione invoisi yoteroyo isanalowe m'faelo.

Chenjezo lina ndi la ofalitsa amene amagulitsa zinthu zingapo pamtengo umodzi: magazini, malangizo a akatswiri, ndi chilolezo chokopera nkhani zawo. Malangizo ndi chilolezo zolipidwa kwa anthu akunja zili ndi msonkho wodula musanatumize ndalama, 15 peresenti pokhapokha pangano la mayiko awiriwo litautsitsa. Kungowerenga magazini si zimenezo, koma invoisi ikasakaniza, pemphani kuti aigawe.

Kamsonkho kamene banki imadula mukatumiza ndalama, IMTT, kamene kanafika pa 2 peresenti mu Okutobala 2018, musakaphatikize ku mtengo wa magazini. Kapatseni akaunti yakeyake chifukwa lamulo limakaona padera.

Magazini yathu imabwera chifukwa ndife mamembala a bungwe. Zimenezi zikulowa pati?

Umembala wa mabungwe ngati CZI (la mafakitale), ZNCC (la amalonda) kapena ICAZ (la maakauntanti) uli ndi gawo lakelake, 15(2)(s), limene limalola kuchotsa ndalama yopitirizira umembala wa bungwe la malonda, la luso kapena la akatswiri. Magazini ikamabwera mkati mwa ndalama imeneyo, palibe chogawa, lembani zonse ku umembala. Ndalama yolowera koyamba, imene imalipidwa kamodzi kokha, ndiyo sichotsedwa, chifukwa imatengedwa ngati yogulira chinthu chokhalitsa.

Mukaika malonda anu m'magazini yomweyo, imeneyo ndi ndalama yotsatsira malonda, ipite ku akaunti ina.

Kampani ikalipirira wantchito magazini, wantchitoyo adulidwa msonkho?

Ngati ndi ya ntchito yake, mwachitsanzo injiniya wanu akuwerenga za magetsi a dzuwa amene kampani imaika, ndi chida cha ntchito, si phindu lake. Ngati ndi magazini ya mafashoni kapena ya ana imene bwana akutumizira kunyumba kwa manijala pomusangalatsa, gawo 8(1)(f) limaiona ngati mbali ya malipiro, ndipo mtengo wake uyenera kulowa pa payslip n'kudulidwa PAYE, msonkho wa pa malipiro. Wantchito amene amadzilipirira yekha umembala wa bungwe la akatswiri apereke lisiti kwa owerengera malipiro kuti aichotse asanawerengere PAYE.

Ndili ndi saluni ku Highfield, ndimagula magazini a masitayelo a tsitsi. Ndichotse pati?

Ngati mumalipira presumptive tax, msonkho woikiratu wa mabizinesi ang'onoang'ono, palibe pochotsa. Msonkho umenewo sawerengera phindu, ndiye zowononga zanu, kaya magazini, kaya mankhwala a tsitsi, sizikuusintha. Lembanibe m'buku lanu kuti mudziwe ngati saluni ikupindula.

Kodi ndiyenera kupempha tax clearance kwa wofalitsa magazini?

Gawo 80 limati bizinesi yolembetsedwa ikamalipira wogulitsa wa muno ndalama zokwana US$1,000 kapena kuposa pa chaka, ione ITF263 yake, chikalata cha tax clearance chosonyeza kuti za msonkho wake zili bwino. Ngati alibe, mumadula 30 peresenti n'kuitumiza ku ZIMRA; mpaka kumapeto kwa 2021 inali 10 peresenti. Magazini imodzi sifika pamenepo. Koma zimawerengedwa ndi zonse zimene mwalipira wogulitsa mmodziyo, ndiye mukaphatikiza makope asanu a nthambi zanu ndi tsamba limodzi lotsatsa malonda, mwadutsa kale. Mukapanda kudula, ZIMRA imadzaitanitsa ndalamayo kwa inu. Chikalatacho chitsimikizeni pa TaRMS, makina a pa intaneti amene ZIMRA inayamba kugwiritsa ntchito mu 2023, musangodalira chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp.

Ndinalembetsa bizinesi isanatsegulidwe, ndikufufuza msika. Imeneyo yatayika?

Gawo 15(2)(t) limalola ndalama zimene munawononga m'miyezi 18 bizinesi isanayambe, ngati zikanaloledwa bizinesi ili mkati. Zimachotsedwa m'chaka chimene mwayamba malonda. Chosiyana ndi kugula mulu wa magazini akale omangidwa ngati mabuku kuti mukhale ndi laibulale ya ofesi, monga amachitira maloya ndi mainjiniya. Chimenecho ndi chuma chokhalitsa, chimalembedwa pamodzi ndi mipando ndi makompyuta, sichichotsedwa ngati magazini ya mwezi uno.

Magazini inasiya kutuluka chaka chili pakati. Ndalama yotsala ija nditani nayo?

Akakubwezerani, ndalamayo imangotseka akaunti ya zolipiriratu. Akapanda kubweza ndipo zaonekeratu kuti sadzabweza, yotsalayo mumaisamutsira ku zowononga m'chaka chimenecho, n'kusunga makalata amene munawalembera. Ngati munali mutachotsa kale ndalamayo pa msonkho kenako n'kubwezeredwa, imabwerera ngati ndalama yolowa.

Mapepala amenewa ndisunge mpaka liti, ndipo ndingalembe mabuku anga m'Chichewa?

Zaka 6, malinga ndi gawo 37B: invoisi, sitetimenti ya ku banki, kapepala kogawa miyezi kaja, ndi imelo yotsimikiza kulembetsa ngati ndi ya pa intaneti. Malisiti a pepala lopepuka lija lotuluka m'makina amafufutika asanathe ndi chaka, makamaka akakhala m'galimoto padzuwa, ndiye ajambuleni kapena apangeni fotokope tsiku lomwelo. Magazini enieniwo simukakamizidwa kusunga, ngakhale kope limodzi lokhala ndi adilesi ya ofesi pachikuto limayankha mafunso ambiri msanga.

Za chilankhulo, malamulo aakulu a dziko a 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma gawo 37B limafunabe kuti mabuku a bizinesi akhale m'Chingerezi. Kabuku kanu ka m'thumba lembani mmene mufunira. Leja ndi cash book zimene ZIMRA ingadzaone zikhale m'Chingerezi. Akapeza kuti munachotsa zosayenera, amabwezera ndalamayo pa phindu, n'kuwonjezera chiwongoladzanja ndi chindapusa chimene pansi pa gawo 46 chingafike pa 100 peresenti ya msonkho umene unasowa. Pa magazini imodzi ndi kandalama kochepa, koma odita wa ZIMRA akaona kuti zolipiriratu za magazini sizinagawidwe, chotsatira chimene amapempha ndi faelo ya inshuwalansi ndi ya lendi.